Kodi kuwala kwa mchira wa kometi tingakuyeze bwanji ndi maso ndi bainokyula?

Wa ku Dedza analemba:

Akuluakulu nonse, landirani moni. Ndine wongoyamba kumene kuyang'ana zakumwamba, ndipo chida chokha chimene ndili nacho ndi bainokyula ya 10x50. Mu Okutobala 2024 ndinatsatira nyenyezi ya mchira ija, kometi ya Tsuchinshan-ATLAS, madzulo asanu ndi anayi, nditaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, chifukwa pamenepo mbali ya kumadzulo kulibe mitengo yotchinga. Madzulo alionse ndinkalemba m'kope zimene ndaona.

Pali chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira nthawi imeneyo. Nambala ya magnitude, muyeso wa kuwala kwa zakumwamba, imene ndinkaiona pa intaneti inkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo ndinamva kuti nambalayo ikamakwera ndiye kuti kometi ikuzilala. Koma ine pa 16 Okutobala mchira ndinauona wotuwa ndi waufupi, wosakwana chibakera chimodzi nditatambasula mkono, pamene pa 21 unaoneka bwino kwambiri ndipo unapitirira chibakera. Kodi nambala ija imaphatikiza mchira kapena ayi? Kodi ilipo njira yovomerezeka yoti munthu wa bainokyula anene kuti mchira unali wowala mwakuti, m'malo mongolemba kuti unali wokongola? Ndikufuna kuti kometi ina ikadzabwera ndidzalembe zinthu zothandiza ena.

Mphunzitsi wa ku Zomba anayankha:

Achimwene a ku Dedza, maso anu sanakunamizeni, ndipo nambala zija nazonso zinali zoona, kungoti zinkanena za chinthu china. Magnitude imene anthu amalemba ya kometi ndi ya mutu wokha, ndiko kuti mtambo wa mpweya ndi fumbi umene umakuta phata lake, umene akatswiri amautcha coma. Mchira sauwerengera m'nambala imeneyo.

Muyeso wa magnitude umayenda chobwerera: nambala ikachepa, chinthucho n'chowala. Zinthu ziwiri zikasiyana ndi magnitude 5, chimodzi chimawala kuwirikiza ka 100 kuposa chinzake, ndipo zikasiyana ndi imodzi, kuwirikiza pafupifupi ka 2.5. Nyenyezi ya Sirius ili pa -1.5, Nthanda imafika cha pa -4, ndipo munthu wa maso abwino, usiku wamdima bii, amaona mpaka cha pa 6.

Vuto la kometi ndi lakuti mutu wake ndi wachimbuuzi pamene nyenyezi wamba ndi kadontho kakuthwa, ndiye diso silingayerekeze ziwirizi mwachindunji. Njira imene ndimagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi ya Sidgwick. Mumayang'ana kometi bainokyula ili pa fokasi yabwino, n'kusunga m'maganizo kukula kwa mutu wake ndi kuwala kwake. Kenaka mumapita pa nyenyezi wamba imene magnitude yake mukuidziwa, n'kupotoza kagudumu ka fokasi mpaka nyenyeziyo itafufuma n'kusanduka kambale kofanana kukula ndi mutu wa kometi uja. Mumachita zimenezi ndi nyenyezi zosachepera ziwiri, ina yowala pang'ono kuposa kometi, ina yozilala pang'ono. Tiyerekeze kuti yoyamba ndi ya 4.0, yachiwiri ndi ya 5.0, ndipo mtunda wa pakati pake mwaugawa m'maganizo m'masitepe 10. Ngati kometi yatsika masitepe atatu kuchokera pa yowalayo, mulemba 4.3. Mutu ukakhala waung'ono ndi wothina, njira ya Bobrovnikoff imaphweka, chifukwa mumachotsa pa fokasi kometi ndi nyenyezi zomwe mpaka zonse zitaoneka zofanana kukula. Njira ya Morris ili pakati pa ziwirizi: kometi mumaichotsa pa fokasi pang'ono chabe, kenaka mumafufumitsa nyenyezi mpaka zitafanana nayo kukula. Nyenyezi zofiira kwambiri, monga Antares, muzizipewa, chifukwa diso likaziyang'anitsitsa limaziona zowala mopitirira.

Chenjezo lalikulu kwa ife ndi mpweya. Chinthu chimene chili madigiri 10 pamwamba pa chizimezime kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka kuposa kasanu poyerekeza ndi chimene chili pamutu penipeni, ndipo chimataya pafupifupi magnitude yathunthu. Mu Okutobala, pamene tchire likupsa ndipo fumbi lili tolotolo, chimataya zoposa pamenepo. N'chifukwa chake nyenyezi zoyerekezera ziyenera kukhala pa msinkhu wofanana ndi wa kometi.

Tsopano ndibwere pa mchira. Taganizani za ufa wodzaza m'kapu. Uli m'kapumo ndi mulu woyera woonekera patali, koma mukauwaza pa bwalo lonse, ufa ndi womwewo, kuchuluka kwake sikunasinthe, koma munthu wodutsa sangauone, makamaka ngati dothi la pabwalopo n'lotuwa kale. Mchira ndi kuwala kowazidwa pa thambo lalikulu, ndipo chimene diso limaona ndi kusiyana kwa mchirawo ndi thambo la kumbuyo kwake. Mlalang'amba wa Andromeda umalembedwa kuti ndi wa magnitude 3.4, koma aliyense amene anaufunafuna kumpoto akudziwa kuti umavuta kuona kuposa nyenyezi ya 3.4, pa chifukwa chomwechi. Mwezi unali wathunthu pa 17 Okutobala 2024, choncho pa 16 thambo lanu linali loyereratu, ndipo mbali yozilala ya mchira inamira m'kuwala kwa mwezi. Pofika pa 21 mwezi unkatuluka mochedwa, komanso kometi inali itakwera kutali ndi utsi wa m'munsi. Mutu unali utazilaladi, koma thambo linada kwambiri kuposa mmene mchira unazilalira. Ine ndikuona kuti kupatsa mchira nambala imodzi ya magnitude ndi maso n'kusocheretsa amene adzawerenge, ndipo amene amasonkhanitsa malipoti safunsa nambala yotero. Amafunsa kutalika kwa mchira ndi kumene waloza.

Wojambula wa ku Cape Town anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikupempha ndiwonjezere mbali imodzi, chifukwa mawu akuti mchira alibe nambala angachititse achimwene athu kuganiza kuti kuwala kwa mchira sikuyezeka konse. Kumayezeka, koma ndi kamera, ndipo muyeso wake ndi wina.

Ndiyambe ndi kukumbutsa kuti kometi yowala nthawi zambiri imakhala ndi michira iwiri, ndipo siwala pa chifukwa chimodzi. Mchira wa fumbi umangobweza kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake umaoneka woyera mopita ku chikasu, ndi wotambalala ndiponso wopindika, popeza tinthu ta fumbi timatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono pamene kuwala kwa dzuwa kukutikankha. Mchira wa mpweya ndi woongoka, wopyapyala ndi wobiriwira ngati thambo. Umawala wokha chifukwa dzuwa latakasa mpweya wa carbon monoxide, ndipo mphepo yochokera ku dzuwa imauloza molunjika kutali ndi dzuwalo. Ndi michira yotereyi imene inachititsa Ludwig Biermann mu 1951 kunena kuti dzuwa limatulutsa mphepo ya tinthu mosalekeza, zombo za mumlengalenga zisanaiyeze. Diso la munthu usiku siliona bwino mchira wa mpweya, pamene kamera imaugwira mosavuta. Umene achimwene a ku Dedza ankauona unali wa fumbi.

Fumbi lili ndi khalidwe limene aliyense amene anasesapo pabwalo m'mamawa akulidziwa. Mukayang'ana cha kumene dzuwa likutulukira, fumbi limene tsache lautsa limawala ngati utsi woyera, koma mukafulatira dzuwa, fumbi lomwelo silioneka. Kometi ikadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, fumbi lake limachita chimodzimodzi. Tsuchinshan-ATLAS inafika pafupi kwambiri ndi dzuwa pa 27 Sepitembala 2024, koma inawala koposa cha pa 9 Okutobala, pamene inayandikira magnitude -5, chifukwa masiku amenewo inali pakati pathu ndi dzuwa, ngakhale kuti pa thambo inkaoneka pafupi ndi dzuwa kwambiri moti ambiri tinaionera pa zithunzi za SOHO, chombo cha mumlengalenga choyang'ana dzuwa. Inayandikira dziko lathu pa 12 Okutobala, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 71 miliyoni. Kuzilala kofulumira kwa masiku otsatira kunachokera kwambiri pa kusintha kwa mbali imene tinkaionera, osati pa kutha kwa fumbi kokha. Cha pa 14 ndi 15 Okutobala dziko linafika polunjikana ndi njira ya kometiyo, moti tinkaiona njirayo cham'mbali, ndipo pa zithunzi panaoneka kamzera kopyapyala koloza ku dzuwa, ngati mchira wa kutsogolo.

Poyeza ndi kamera timafunsa kuti kachigawo kakang'ono ka thambo kakutulutsa kuwala kochuluka bwanji. Digiri imagawidwa m'mamineti 60, mineti m'masekondi 60, ndipo timatenga kachigawo ka sekondi imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Thambo lakuda kwambiri padziko limakhala cha pa magnitude 22 pa kachigawo kotero, pamene pakati pa mzinda waukulu limafika 18 kapena kuwala kuposa apo. Ndimaimika kamera pa miyendo yake itatu, ndimajambula mu RAW, ndiko kuti chithunzi chimene kamera sinachikonze, kenaka pa kompyuta ndimayeza kuwala kwa thambo pambali pa mchira n'kukuchotsa pa kuwala kwa pa mchirapo, ndipo chotsalacho ndimachiyerekeza ndi nyenyezi za pa chithunzi chomwecho zimene magnitude yake ili m'kaundula, monga wa Tycho-2 kapena wa Gaia. Ndikatero pa digiri imodzi kuchokera pa mutu, pa madigiri awiri, pa asanu, ndimaona mmene mchira ukuzilalira m'litali mwake. Chithunzi cha foni n'chabwino posunga chikumbutso ndi poyeza kutalika, koma foni imadzikonzera yokha kuwala ndi mitundu isanakuonetseni, choncho sichingadaliridwe pa muyeso wa kuwala.

Kometi imeneyi ndimaikonda mwapadera chifukwa theka la dzina lake ndi la kuno. Inajambulidwa koyamba ku Purple Mountain Observatory ku China mu Januwale 2023, kenaka telesikopu ya ATLAS ya ku Sutherland, kuno ku South Africa, inaipeza payokha pa 22 Febuluwale chaka chomwecho.

Mkulu wa ku Chipata anayankha:

Mwana wanga wa ku Dedza, funso lako landikumbutsa zaka zambiri, ndipo ndilankhulako ngati munthu amene sanagwirepo kamera yoyezera. Mayi a ku Cape Town anena zoona, koma ambiri a ife tidzaima pa chulu ndi maso awiri ndi bainokyula basi, ndipo pali zambiri zimene tingalembe za mchira popanda kupeka nambala.

Kometi ya Halley ndinaiona mu 1986. Mu Malichi, m'bandakucha, inali ndi mchira wooneka bwino. Tinkamva kuti mu Epulo idzayandikira kwambiri dziko, ndipo tinayembekeza kuti mchira udzakula, koma itafika nthawiyo tinaona chimtambo chozungulira, chachikulu ndi chowala, mchira wake uli wochepa. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti mutu ndi mchira siziyendera limodzi. Mu Januwale 2007 kunabwera ya McNaught, ndipo ngakhale kuti inali nyengo ya dzinja, mitambo inang'ambika madzulo angapo kumapeto kwa mweziwo. Mchira wake sunali mzera umodzi, koma unatambasuka ngati chipepeso cha kanjedza, uli ndi timizeremizere mkati mwake, kwina kowala kwina kozilala. Mchira wotero ungaupatse nambala iti? Ndiye mu Januwale 2025 inabwera ina ya ATLAS, ya C/2024 G3, imene inadutsa pafupi kwambiri ndi dzuwa pa 13 Januwale. Patapita pafupifupi mlungu umodzi phata lake linaphwasuka, mutu unazimiririka, koma mchira unatsala ukuwala kumadzulo masiku angapo. Munthu amene akanangolemba magnitude ya mutu akanati palibe chooneka, pamene mchira unali pomwepo pamaso pa anthu.

Chimene ndimachita ndi ichi. Ndimakhala mumdima mphindi 20 kapena 30 ndisanayambe, osayang'ana foni, ndipo tochi yanga ndinaikuta ndi pulasitiki yofiira. Choyamba ndimalemba za thambo, osati za kometi: kodi mwezi ulipo, uli pati, kodi kuli utsi, ndipo nyenyezi yozilala kwambiri imene ndikuiona ndi maso pafupi ndi kometi ndi iti. Kenaka ndimayerekeza mchira ndi zinthu zina zachimbuuzi zimene zili kumwamba usiku womwewo, pakuti nazonso zikuvutika ndi mwezi ndi utsi womwewo. Mu Okutobala madzulo chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba chimakhala kumadzulo, pamwamba pa mchira wa gulu la nyenyezi la Chinkhanira, ndipo kummwera kuli mtambo waung'ono wa Magellan, kachigamba kotuwa ka nyenyezi zambirimbiri. Ndimalemba mwachitsanzo kuti madigiri atatu oyamba a mchira aposa Mlalang'amba, kuchokera apo mpaka pa digiri yachisanu ndi chitatu akufanana ndi mtambo waung'ono wa Magellan, ndipo kupitirira apo ukuoneka pokhapokha ndikayang'ana cham'mbali. Imeneyi si nambala, koma munthu wina angaimvetse ndi kuiyerekeza ndi yake.

Za kutalika, chibakera pa mkono wotambasula ndi madigiri pafupifupi 10, chala chaching'ono ndi digiri imodzi, mwezi ndi theka la digiri, ndipo mtanda wa kummwera m'litali mwake ndi madigiri 6, choncho ungayese dzanja lako pa iwo. Koma njira yabwino koposa ndi kujambula nyenyezi zozungulira m'kope n'kuika chizindikiro pamene mchira wathera, kuti mawa lake uyeze pa mapu kapena pa Stellarium, pulogalamu ya pa kompyuta yoonetsa thambo. Pofunafuna mathero ake uziyendetsa bainokyula pang'onopang'ono modutsa mchira uku ndi uku, chifukwa diso limagwira msanga kuwala kozilala kukamasuntha. Ndipo ndikupempha, ulembe zako usanaone zithunzi za ena. Munthu amene waona chithunzi cha mchira wa madigiri 20 amayamba kuuona wautali choncho ngakhale pamene diso lake lathera pa 8.

Usadziderere chifukwa cha chida chochepa. Jack Bennett wa ku Pretoria anapeza kometi yake pa 28 Disembala 1969 ndi katelesikopu kakang'ono, ndipo inadzakhala imodzi mwa zowala kwambiri za 1970. Yuji Hyakutake wa ku Japan anapeza yake mu Januwale 1996 ndi bainokyula, ngakhale kuti inali yaikulu ya 25x150.

Mphunzitsi wa ku Zomba anayankhanso:

Ndavomereza kudzudzula kwa mayi a ku Cape Town. Ndinkanena za muyeso wa maso okha. Njira ya bambo a ku Chipata ndiitengera nanenso, makamaka yogawa mchira m'zigawo.

Pa funso lakuti zolemba zanu zithandize ena, malipoti a anthu wamba amasonkhanitsidwa ku COBS, kaundula wa pa intaneti amene amayendetsedwa kuchokera ku Črni Vrh Observatory ku Slovenia, ndipo kalembedwe kake kamatsatira ka magazini ya za makometi ya International Comet Quarterly. Kuno kummwera kwa Africa kulinso Astronomical Society of Southern Africa, imene mamembala ake amatsatira makometi. Lipoti limafuna tsiku ndi nthawi mu UT, nthawi imodzi ya dziko lonse, imene ili maola awiri kumbuyo kwa nthawi ya ku Malawi ndi Zambia, magnitude ya mutu, njira imene mwagwiritsa ntchito, kumene mwatenga magnitude ya nyenyezi zoyerekezera, chida chanu, ndi kukula kwa mutu m'mamineti. Limafunanso nambala yotchedwa DC, yochokera pa 0 kufika pa 9, imene imanena kuthina kwa mutu: 0 ndi mtambo wofanana paliponse wopanda pakati powala, 9 ndi mutu wooneka ngati nyenyezi. Za mchira mumalemba kutalika m'madigiri ndi kumene waloza, kuwerenga kuchokera kumpoto pa 0, kummawa pa 90, kummwera pa 180, kumadzulo pa 270. Kumpoto kumeneku ndi kwa pa mapu a thambo, osati kumwamba kwa munthu woimirira, ndiye muziyeza pa mapu mutajambula kale.

Magnitude ya masiku a Okutobala aja musayese kuipeka tsopano kuchokera m'chikumbumtima. Koma simufunika kudikira kometi kuti muphunzire. Pambali pa mtambo waung'ono wa Magellan pali chimulu cha nyenyezi chotchedwa 47 Tucanae, chimene mu bainokyula chimaoneka ndendende ngati mutu wa kometi yopanda mchira, ndipo magnitude yake ili pafupi ndi 4. Chiyezeni ndi Gamma Tucanae ya 4.0 ndi Epsilon Tucanae ya 4.5 mausiku angapo, muone ngati mayankho anu akugwirizana.

Wa ku Dedza anayankha:

Aphunzitsi, mayi, ndi inu bambo a ku Chipata, zikomo kwambiri. Ndatsegulanso kope lija. Za pa 16 Okutobala sindinalembe chilichonse chokhudza mwezi, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake tsamba limenelo silingathandize munthu. Koma pa 21 ndinalemba nthawi, 7 koloko madzulo, imene ndi 17:00 UT, ndiponso ndinajambula nyenyezi zinayi zimene mchira unadutsa pakati pake, choncho kutalika ndi kumene unaloza ndingathe kuziyeza pa Stellarium.

Ndayesa 47 Tucanae mausiku awiri. Usiku woyamba ndinapeza 4.6, wachiwiri 4.2, ndipo ndikuganiza kuti kusiyanaku kwachokera pa vuto limodzi: kagudumu ka fokasi ka bainokyula yanga kamafika pamapeto nyenyezi isanafufume kufika pa kukula kwa chimulucho, moti ndimayerekeza kambale kakang'ono kowala ndi mtambo waukulu wozilala. Ndimavala magalasi chifukwa sindiona bwino patali. Kodi ndikawavula, kuti maso anga omwe awonjezere chimbuuzicho, muyeso udzakhala wolondola, kapena pa chinthu chachikulu chotere ndi bwino kusiya njira ya Sidgwick n'kuyesa ya Morris?